Nkhope yobisika pansi pa dzimbiri: kodi X-ray imaibweza bwanji?

Tiyamike:
Moni nonse apagulu. Pali nkhani yandisowetsa tulo kuyambira dzulo, ndiye ndati ndiitule pano poti ena mwa inu sayansi munaimwa kuposa ine. Ndaona zithunzi ziwiri zoikidwa mogundizana. Kumanzere kuli kachitsulo kothimbirira, kamawangamawanga, koti ngakhale utatong'ola maso bwanji umangoona chimthunzithunzi chosadziwika mutu wake. Kumanja kuli mayi atakhala phee, maso akuoneka, mapindo a chovala akuoneka, mpaka maluwa opetedwa pansalu ya patebulo. Akuti ndi chitsulo chimodzi chomwecho, ndipo palibe anachitsuka kapena kuchipukuta, anangochiunika ndi X-ray basi. Ntchitoyi anaigwira ndi ofufuza a ku Western University ku Canada, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Funso langa ndi ili: nkhope imeneyo inalipodi pachitsulopo, kapena kompyuta yangoipeka?

Limbani:
Achemwali, ine zoterezi ndimazikayikira. Masiku ano mukaipatsa kompyuta chithunzi chofufutika imakubwezerani munthu wa mano oyera amene sanabadwepo n'komwe. Chimene chadyedwa ndi dzimbiri chapita.

A Mbewe:
A Limbani, kukayika kwanuko n'koyenera, koma apa nkhani ndi ina. Kuti timvane, tiyambe ndi mmene zithunzi zimenezi ankazipangira, chifukwa yankho lonse lagona pamenepo.

Zithunzi akunena a Tiyamike zimatchedwa daguerreotype, kutengera dzina la Louis Daguerre wa ku France, amene njira yake inalengezedwa ku Paris mu 1839. Panalibe pepala, panalibe filimu. Wojambula ankatenga chitsulo chopyapyala cha mkuwa chokutidwa ndi siliva mbali imodzi, n'kuchikwecha mpaka chiziwala ngati kalilole. Kenako ankachifukiza ndi nthunzi ya ayodini m'kabokosi, ndipo pamwamba pa siliva pankapangika kakhungu kopyapyala kwambiri komva kuwala. Akachilowetsa mu kamera n'kutsegula, kuwala kunkasiya chizindikiro chake, koma akachitulutsa pankaoneka ngati palibe chachitika.

Tsono apa ndi pofunika. Ankachivundikira pamwamba pa mekyule wotenthetsedwa (mekyule ndi chitsulo chamadzimadzi), ndipo nthunzi ya mekyuleyo inkakakamira pamalo okhawo amene kuwala kunamenya. Pamene kuwala kunali kwambiri, monga pamphumi kapena pa kolala yoyera, pankamera timibulu tambirimbiri ta siliva wosakanikirana ndi mekyule. Pamene panali mdima, monga pa jekete lakuda, pankangotsala siliva wosalala. Timibulu timeneto ndi timene timamwaza kuwala n'kuoneka toyera, ndipo chithunzi chonse ndi timeneto basi. Pomaliza ankachitsuka ndi mankhwala ochotsa kakhungu kotsala kaja. Kuyambira 1840, Hippolyte Fizeau atatulukira njira yake, ambiri ankathiranso madzi a golide kuti chithunzicho chilimbe ndiponso chikongole.

Ndiye taonani: dzimbiri limagwira siliva, limabwera pamwamba n'kuphimba. Mekyule uja, nthawi zambiri, amakhala ali pomwe anatera tsiku lojambula lija. Ukapeza njira yowerengera kuti pakadontho kalikonse pali mekyule wochuluka bwanji, wapeza pomwe kuwala kunagwa. Kompyuta sikupeka kanthu, ikungolemba zimene yayeza.

Dalitso:
Bambo Mbewe, pamenepo ndakumvani, koma ine ndimagwira ntchito yojambula odwala ndi X-ray tsiku ndi tsiku, ndipo pali pamene pakundizunguza. Kwa ife cheza chimadutsa m'thupi n'kukatera kuseri, ndipo chimene timaona ndi mthunzi wa fupa. Tsono chitsulo cha mkuwa chokutidwa ndi siliva chingangotipatsa chimthunzi chimodzi chachikulu. Timibulu tochepa chonchoto tingaoneke bwanji pakati pa chitsulo chonsecho?

A Mbewe:
Funso la munthu wodziwa ntchito limenelo. Iwowa sayang'ana cheza chodutsa ayi, amamvetsera chimene chitsulocho chikubweza. Atomu ikamenyedwa ndi X-ray yamphamvu yokwanira, elekitironi imodzi yam'kati imathothoka, ina yakunja imatsika kudzatseka mpatawo, ndipo potsikapo imatulutsa X-ray yakeyake. Mphamvu ya X-ray yotulukayo imasiyana malinga ndi mtundu wa atomu, monga mmene mumazindikirira mbale wanu ndi mawu ngakhale ali kuseri kwa chitseko. Zimenezi anaziika poyera ndi Henry Moseley mu 1913. Pamuyeso wa mphamvu ya cheza wotchedwa keV, mkuwa umayankha pafupifupi pa 8, mekyule pafupifupi pa 10. Kachipangizo kolandira chezacho kamakhala mbali yomweyo imene cheza chikuchokera, ndipo kamasankhula: ili ndi yankho la mkuwa, ili la golide, ili la mekyule.

Cheza chomenyacho amachifinya kukhala kadontho, n'kumayendetsa chitsulocho patsogolo pake mzere ndi mzere, kuchokera kumwamba mpaka kumunsi. Pakadontho kalikonse amalemba kuchuluka kwa mekyule. Pochuluka amaika poyera, pochepa poderako, popanda pakuda. Akamaliza, nkhope ija yatuluka. Dzimbiri silitchinga chifukwa ndi kakhungu kopyapyala zedi. Maso athu limawalepheretsa, koma X-ray imalowa n'kutulukanso bwinobwino.

Dalitso:
Aa, tsopano zalowa. Ndiye kuti ife timajambula mthunzi, iwo akufunsa chitsulocho kuti chinene chimene chili nacho. Zikomo bambo.

Tiyamike:
Ndiwonjezereko zimene ndawerenga. Amene ankatsogolera ntchitoyi ndi Madalena Kozachuk, yemwe panthawiyo ankachita maphunziro ake a PhD, pamodzi ndi aphunzitsi ake monga Tsun-Kong Sham. Zitsulo ziwirizo zinachokera ku National Gallery of Canada ku Ottawa, chimodzi cha mayi, china cha bambo, ndipo akuganiza kuti n'za m'ma 1850. M'lifupi mwake n'zamasentimita pafupifupi 7 okha. Cheza ankatha kuchichepetsa kufika pa maikiromita 10, pomwe tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa kuposa pamenepo kangapo. Chitsulo chimodzi chinkatenga maola pafupifupi 8 kuti achimalize. Cha bambo uja ndi chimene akuti chinali chitafufutikiratu, munthu osaganiza n'komwe kuti pali nkhope.

Limbani:
Maola 8 kachitsulo kokwana m'chikhatho? Nanga makina ake ndi otani, oti sangagulidwe ndi myuziyamu iliyonse?

A Mbewe:
Amatchedwa synchrotron, ndipo si makina oika patebulo, ndi chinyumba chathunthu. Ma elekitironi amathamangitsidwa m'chimpope chozungulira mpaka liwiro lawo liyandikire la kuwala, ndipo maginito akamawakhotetsa amalavula X-ray yowala koposa ya m'chipatala kutalitali. Ya ku Saskatoon, yotchedwa Canadian Light Source, mkombero wake ndi mamita pafupifupi 171. Gulu la a Kozachuk linagwirako ntchito kumeneko, koma kuunika zitsulo zathunthu kuja linakachitira pa synchrotron ina yotchedwa CHESS, ya ku Cornell University m'tauni ya Ithaca ku New York. Ubwino wina wa makinawa ndi wakuti mphamvu ya cheza umaisankha wekha, ndiye umaitchera pamene mekyule amayankha bwino. Zimenezi n'zofunika chifukwa golide ndi mekyule ndi oyandikana, wina nambala 79 wina 80, ndipo mayankho awo amatsala pang'ono kuphatikizana.

Alipo makina ang'onoang'ono a mtundu womwewu amene ma myuziyamu ena akuluakulu ali nawo ounikira zojambula zapenti, koma kadontho kawo n'kakakulu ndipo cheza chake n'chofooka. Pa synchrotron munthu amalemba kalata yopempha nthawi, n'kupikisana ndi ofufuza za mankhwala, za mabatire, za nthaka, ndipo akapatsidwa masiku owerengeka amagwira usana ndi usiku.

Nasibeko:
Pepani ndachedwa kulowa, ndinali kuntchito. Ine ndinaphunzira zosamalira zithunzi zakale, ndipo nkhaniyi imandikhudza mwa njira ina imene sinatchulidwe.

Poyamba ndikuuzeni mmene chinthuchi chimaonekera m'manja, chifukwa pafoni simungachimvetse. Chimabwera m'kabokosi kotseguka ngati buku, mkati muli nsalu yofewa, chitsulocho chili kuseri kwa galasi, chozunguliridwa ndi kafelemu ka mkuwa. Ukachitsegula, choyamba kuona ndi nkhope yako yomwe, poti ndi kalilole. Umachita kuchipendeketsa pang'onopang'ono mpaka chiloze chinthu chakuda, ndiye munthu wa mkatimo amatulukira mwadzidzidzi, mpaka ulusi wa chovala chake kuwerengeka. Ukapendeketsanso pang'ono, zoyera zimada, zakuda zimayera, kenako wasowa. Tsiku loyamba kuchigwira ndinapezeka kuti ndasiya kupuma.

Dzimbiri lake silifanana ndi la chitsulo wamba. Ndi sulufule wa mumpweya amene amagwirana ndi siliva, ndipo limayambira m'mphepete momwe mpweya umalowera, n'kumayenda kupita pakati ngati mphete: yachikasu, yofiirira, yapepo, yabuluu, kenako yakuda. Nthawi zina galasi lenilenilo limawonongeka n'kumachita timadontho ngati thukuta, timene timagwera pachitsulo.

Tsono chimene ndikufuna kunena ndi ichi. Zithunzi zambiri zimene tinataya sitinazitaye ndi dzimbiri, tinazitaya ndi anthu a mtima wabwino ofuna kuziyeretsa. Kale ankaziviika mu cyanide, amene amasungunula dzimbiri koma amanyambitanso siliva. Kuyambira m'ma 1950 anayamba kugwiritsa ntchito thiourea, zinkatuluka zili waliwali aliyense n'kukondwa, koma patapita zaka zinayamba kuchita mawanga chifukwa cha mankhwala otsalira. Chithunzi chotchuka cha Daguerre mwini, cha msewu wa Boulevard du Temple ku Paris, chija muli munthu akupukutitsa nsapato, chinali ku Munich, ndipo atayesa kuchiyeretsa cha m'ma 1970 chinafufutika. Chimene mumaona pa intaneti lero ndi chojambulidwa kuchokera ku icho chisanawonongeke. Chithunzi cha Dorothy Draper, chimene mchimwene wake John William Draper anajambula cha mu 1840, nacho chinazimiririka m'manja mwa woyeretsa m'ma 1930.

N'chifukwa chake ine njira ya X-ray imandisangalatsa. Nkhope waiona, chitsulo sunachikhudze.

Limbani:
Achemwali Nasibeko, mwandigwira pamenepo. Ndavomera kuti sikupeka. Koma ndifunsebe, osati mwamakani. Chimene chikutuluka pa kompyutacho ndi chithunzi cha mayi uja, kapena ndi mapu a mekyule? Mwanena nokha kuti chenicheni chimasintha ukachipendeketsa, chimawala, chimazama. Cha pa kompyutacho ndi chaphwatalala ngati chithunzi china chilichonse. Ndiye kunena kuti chabwezedwa si kukokomeza? Chitsulocho chikadali chothimbirira m'kabokosi mwake.

Nasibeko:
Simukulakwa, ndipo ine mawu oti chabwezedwa sindiwakonda kwenikweni. Chimene chabwera ndi uthenga wa chithunzicho, osati thupi lake. Ndipo pali zina zimene mapu a mekyule sanganyamule. Ojambula ambiri ankapaka utoto ndi dzanja pamwamba, kufiiritsa masaya pang'ono, kudontheza golide pa mphete kapena pa ndolo. Zimenezo pa mapu a mekyule siziwoneka mtundu wake. Komanso amene akukonza mapuwo amasankha kuti poyera payambire pati, pakuda pathere pati. Dzanja la munthu lilipo ndithu.

Koma taganizani za mbali inayo. Wosamalira zinthu zakale akagwira chitsulo chakuda bii, kale ankayenera kutchova juga: ndichitsuke mwina pali chuma, mwina ndiwononga. Lero angathe kuona kaye chimene chili pansi, n'kusankha ali ndi maso. Ndipo nthawi zambiri akaona, amapeza kuti palibe chifukwa chochitsukira. Amangochitsekera bwino kuti mpweya usalowe, n'kuika mapuwo pambali pake.

A Mbewe:
Ndigwirizane ndi onse awiri pang'ono. A Limbani, kumbukirani kuti ngakhale tsiku limene chinajambulidwa, chimene diso linkaona chinali timibulu ta mekyule tikumwaza kuwala. Ndiye mapu a mekyule si chinthu chachilendo kwa chithunzicho, ndi fupa lake lenileni. Koma n'zoona kuti fupa si munthu yense.

Njira yomweyi inathandizaponso kwina. Mu 2008 kunalengezedwa kuti ku Hamburg, pa synchrotron ya DESY, anaunika chojambula cha Van Gogh cha udzu, ndipo pansi pa pentiyo panatuluka mutu wa mayi wakumudzi amene iye anayamba wajambula. Chimodzi mwa zimene zinamuulula ndi mekyule yemweyu, wopezeka mu penti yofiira. Ku Stanford nako anawerenga zolemba za Archimedes zimene zinafufutidwa pachikopa, potsata ayironi wa mu inki.

Dalitso:
Ine chizolowezi cha ntchito chikundikakamiza kufunsa: cheza champhamvu chonchocho kwa maola 8 sichivulaza chithunzicho? Kwa ife lamulo ndi lakuti usamenye wodwala cheza choposa chofunika.

Nasibeko:
Lamulo limenelo ndi lathunso. Amati njirayi siwononga chifukwa sachotsa kachidutswa, sathira mankhwala, sakhudza pamwamba, ndipo kadontho kalikonse kamalandira cheza kwa kamphindi kochepetsetsa chitsulo chikuyenda. Komanso chitsulo sichofooka ngati mnofu kapena pepala. Koma anthu a ntchito yathu anaphunzira kusadalira zinthu mwachisawawa. Mu 2005 ku New York kunali chionetsero chachikulu cha zithunzi za Southworth ndi Hawes, akatswiri ojambula ma daguerreotype a ku Boston, ndipo zina mwa izo zinayamba kuchita nkhungu yoyera pamwamba zili pachionetsero pompo. Anthu ankakhulupirira kuti daguerreotype siopa kuwala, ndipo zimenezo zinawadzidzimutsa kwambiri. Ndiye wosamalira wanzeru amajambula chitsulocho ndi maikulosikopu chisanapite ndiponso chitabwerako. Choopsa china ndi ulendo weniweniwo: kuchichotsa m'kabokosi, kuchinyamula, kuchimanga pamakina.

Mayi Nachisale:
Ana anga, ine za ma keV sindizitsata, koma ndawerenga zonse kuyambira kumwamba. Chimene chandigwira mtima ndi mayi uja. Anavala chovala chake chabwino, anakhala osagwedezeka mpaka wojambula atanena kuti basi, kuti wina wake amene ankamukonda azimuona. Lero nkhope yabwera, koma dzina silinabwere. Palibe akudziwa kuti anali mwana wa yani. Kodi makinawo sangathandize pamenepo?

Tiyamike:
Mayi, inenso ndi pomwepo pamene panandisowetsa tulo. Ofufuzawo sakudziwa dzina la mayiyo kapena la bamboyo.

Nasibeko:
Dzina makina sangalipeze, mayi, koma nkhope ikaoneka, ena amapeza poyambira. Kasokedwe ka manja a diresi ndi kapesedwe ka tsitsi zimauza odziwa kuti ndi zaka ziti. Mpando, nsalu ya patebulo, kapena chinsalu cha kumbuyo zimatha kufanana ndi za m'zithunzi zina za situdiyo yodziwika. Pakona pa chitsulo nthawi zambiri pamakhala kachidindo ka amene anachisula. Pang'onopang'ono mpata umachepa.

Ndipo mwakhudza nkhani yaikulu. Sikuti aliyense amene ali pazitsulozi anakhala mwakufuna kwake. Mu 1850 Louis Agassiz wa ku Harvard analamula kuti akapolo a ku South Carolina ajambulidwe atavulidwa zovala, pofuna kuchirikiza maganizo ake atsankho. Awiri mwa iwo anali Renty ndi mwana wake Delia. Zitsulozo zinaiwalika mpaka zinapezeka mu 1976 m'chipinda cha pamwamba cha Peabody Museum, ndipo pambuyo pake panabuka mlandu wautali wa amene ayenera kuzisunga. Komanso panali ojambula akuda, monga Augustus Washington wa ku Hartford, amene anajambula John Brown, wolimbana ndi ukapolo ku America, kenako mu 1853 anasamukira ku Liberia n'kupitiriza ntchito yake ku Monrovia. Ndikaganiza za zitsulo zothimbirira zimene zili m'madirowa a ma myuziyamu, zolembedwa kuti chithunzi sichikuoneka, ndimadzifunsa kuti ndi nkhope za ndani zili mmenemo, ndipo nthawi yochepa ya pa synchrotron ija idzaperekedwa kwa ziti.

Mayi Nachisale:
Zikomo mwanawe. Za Renty ndi Delia zandiwawa. Akamazitulutsa nkhopezo azikumbukira kuti ndi anthu.

Kondwani:
Pepani kulowerera, ndine watsopano pano. Ndili ndi chithunzi chakale cha agogo anga aamuna, chapapepala, ndipo m'mphepete mwake mwayamba kunyezimira ngati siliva, nkhope ikuzirala. Kodi njira imeneyi ingandithandize?

Nasibeko:
Takulandirani achimwene. Chanucho ndi mtundu wina, ndipo mulibe mekyule woti atsatidwe. Pazithunzi zapapepala zakuda ndi zoyera, siliva amakhala mkati mwa kakhungu ka jelatini, ndipo chinyezi chikamalowa amasuntha kubwera pamwamba n'kumanyezimira momwe mukuoneramo. Nkhani yabwino ndi yakuti inu simufunika synchrotron. Chijambuleni ndi kamera yabwino kapena sikana, kuwala kukuchokera m'mbali kuti kunyezimirako kusabwerere mu lenzi, ndipo zambiri zimabwera mukachikonza pa kompyuta. Chenichenicho musachinyowetse, musachimate pulasitiki yotenthetsa ija, chisungeni pouma ndi pozizira, chokhachokha mu envelopu yoyera.

Kwa ena amene angakumane ndi chithunzi cha pachitsulo, kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati mukudzionamo ngati pakalilole ndipo chithunzi chikubwera n'kusowa mukapendeketsa, ndi daguerreotype. Ngati n'chotuwa, chosanyezimira, ndipo maginito akukakamira kumbuyo kwake, ndi tintype, imene inabwera m'ma 1850 ndipo ndi ya chitsulo wamba. Ngati chili pagalasi lokhala ndi chakuda kumbuyo, ndi ambrotype.

Limbani:
Funso lomaliza kwa ine. Tinene kuti wina anachipukuta kale ndi nsalu kalekale. X-ray ingabwezebe?

Nasibeko:
Ayi achimwene, pamenepo ndi pamene imathera mphamvu. Timibulu tija timangokhala pamwamba, ndipo makamaka pa zitsulo zosathiridwa golide timachoka ngati fumbi la pa phiko la gulugufe. Mekyule akachoka, palibe choyankha cheza.

Tikuphunzira, aphunzitsi athu ankasunga chitsulo chimodzi chongotionetsa ife ongoyamba. Panali mwana wamkazi ataima pambali pa mpando, dzanja lake lili pa chotsamira. Winawake zaka zambiri zapitazo anachotsa galasi, anaona dzimbiri pankhope pa mwanayo, n'kudutsitsapo chala kamodzi kokha. Diresi lonse lilipo, nsapato zilipo, tizala take tikuoneka tonse. Koma kuchokera pa tsaya lamanzere kufika pa khutu lamanja pali mzere wosalala wa siliva, m'lifupi mwake ngati chala cha munthu wamkulu, ndipo kumapeto kwake chidindo cha chalacho chinadyekera m'chitsulo mpaka mizere yake kuwerengeka. Ukachipititsa ku Saskatoon kapena ku Ithaca, mapu a mekyule adzakuonetsa diresi, mpando, tsitsi, ndi mzere wakuda pomwe panali maso.